Kabwerebwere Nayenso Ali ndi Kwawo

Amayi anzanga, sabata ino sindikamba za maphikidwe kapena za kasungidwe ka ndalama za banki m'khonde monga tidazolowera. Ndabwera ndi nkhani imene ndakhala ndikuimanga pamfundo ya chitenje kwa zaka zingapo chifukwa cha manyazi, koma ndaona kuti kubisako sikudandipindulire kanthu. Nkhaniyi ndi ya mwana wa m'nyumba mwanga, amene anthu a kwathu kuno kwa Mkhumba adafika pomuiwala dzina n'kumangomutchula kuti Kabwerebwere. Ndikudziwa kuti ambiri a inu muli naye wotere, kaya ndi mwana wobala nokha, kaya mlongo wanu, kaya bambo a m'nyumba, amene sapha munthu, sathyola sitolo, koma zala zake sizimva kulangizidwa, ndipo njira ya kundende adaizolowera ngati ya kuchigayo.

Mnyamatayu ndi mwana wa malemu mkulu wanga. Amake adatisiya iye ali ndi zaka 9, bambo ake n'kubwerera kwawo monga zikhalira kuno kwathu kwa chikamwini, ndipo mwana adatsala m'manja mwanga ndi mwa amalume ake. Sukulu adalekera Sitandade 6. Sindinganame kuti adali mwana woipa mtima. Madzi amatunga, nkhuni amawaza, ndipo ndikadwala ndiye amandikweza panjinga kupita nane kuchipatala. Koma atayamba kumera ndevu adayambanso kukonda pamene pali kachasu ndi juga, ndipo zinthu ziwirizi zimafuna ndalama tsiku ndi tsiku.

Mlandu wake woyamba udali m'chaka cha 2020, pamene adaba nkhuku ziwiri za mnansi wathu n'kukazigulitsa ku msika wa ku Migowi. Adamugwira, nkhani idafika kupolisi, kenaka kukhoti. Kumeneko ndiko ndidaphunzira kuti lamulo la kayendetsedwe ka milandu m'dziko muno, m'gawo 340, limauza woweruza kuti munthu wopalamula koyamba asathamangire kumutumiza kundende pokhapokha ataona kuti palibe njira ina yomulangira. Tsono woweruza adamugamula kuti akakhale kundende miyezi itatu, koma chilangocho adachiimika, namuuza kuti apite kwawo ndipo asapalamulenso kwa zaka ziwiri, apo ayi miyezi itatuyo idzamupeza.

Tidabwerera kumudzi tikusekerera, ndipo apa ndi pamene ine ndidalakwa. Palibe amene adakhala naye pansi mwanayo kumulongosolera kuti chingwe chili m'khosi. Mwini nkhuku sadalandire ngakhale nthenga. Amalume ake adangoti, "Wamva eti?" nkhani n'kuthera pomwepo. Kwa anzake a ku mowa iye adakanena kuti wawina mlandu. Chilango choimikidwa ndi chabwino, koma chikangoperekedwa popanda munthu woyang'anira, chimafanana ndi mankhwala amene adokotala alemba papepala, wodwala n'kukapinda pepalalo m'thumba osakalandira mankhwalawo.

Chaka chotsatira, nyengo yokolola nandolo, adanyamula thumba la nandolo pakhonde la munthu. Ulendo uno lamulo lija loteteza wopalamula koyamba silidamuthandizenso. Adaphatikiza chilango chakale ndi chatsopano, n'kukhala miyezi 9. Adalowa mu Seputembala, ndipo atamuchotserako gawo limodzi mwa magawo atatu monga achitira kwa akaidi osunga mwambo, adatuluka mu Malichi.

Taganizani bwino miyezi imeneyi, inu amene mumagwira khasu. Kuchokera Seputembala kufika Malichi ndiye kuti kusosa, kugalauza, kubzala, kupalira ndi kubandira, zonse zidapita iye kulibe. Munda umene amake adamusiyira udagonera chaka chimenecho. Adatuluka chimanga cha anzake chikukhwima, iye alibe ngakhale phesi limodzi loti aloze kuti ili ndi langa. Ndipo munthu wotuluka kundende wopanda chakudya, pakati pa minda ya anthu ena, mukuganiza kuti maso ake aloza kuti?

Za ulendo wokamuona ndisachulukitse, popeza amene adayendapo akudziwa. Amene amanyamula ufa, usipa, sopo ndi shuga kupita nazo kundende ndi ife amayi. Abambo ambiri amati alibe mwana wakuba, nakhala pansi pa mtengo. Ine ndidakongola ndalama ku gulu lathu kawiri kuti ndipeze yoyendera, ndipo ngongoleyo ndidaibweza ndi chiwongoladzanja chake pogulitsa mbuzi. Mwini nandolo sadapezepo kanthu, pakuti nandoloyo adali atagulitsidwa kale. Boma lidadyetsa munthu wamphamvu zake miyezi isanu ndi umodzi. Ine ndidataya mbuzi. Mpaka lero ndikawerengera ndimasowa amene adapindula.

Atabwera adandisimbira za moyo wa kumeneko. Adati usiku amagona chokhala, wina kutsamira pa mawondo a mnzake, ndipo malo ogona chotambalala amagawa ndi nyapala, mkaidi mnzawo amene amalamulira chipindacho. Chakudya chidali kamodzi pa tsiku, nsima ya mgaiwa ndi nyemba, masiku ena nandolo. Pamenepo ndidaseka ngakhale kudali kosayenera, poganiza kuti munthu adamangidwa chifukwa cha nandolo n'kukadyanso nandolo waulere. Thupi lake lidali mphere zokhazokha. Koma chimene chidandiopsa koposa mpherezo ndi nkhani zimene amakamba ndi anzake madzulo. Adapita akudziwa kugwira nkhuku kuti isalire, adabwera akudziwa kutsekula loko ndi kawaya, ndiponso ali ndi manambala a foni a anzake atsopano a ku Limbe.

Kundende kuli maphunziro, zimenezo n'zoona. M'ndende zina akaidi amaphunzira ukalipentala, utelala ndi ulimi, ena amalemba ngakhale mayeso a boma. Koma zimenezi zimafuna nthawi, ndipo amapindula nazo ndi amene akukhalitsa. Wa miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi saphunzira kupala thabwa. Nthawi yakeyo ndi yochepa kuti aphunzire luso, koma ndi yokwanira kuti munda ugonere, chibwenzi chithe, ndiponso dzina lionongeke. Ndi mmene zidamuchitikira mwana wanga. Mtsikana amene adamufunsira mbeta adakwatiwa kwina. Akapita kukapempha ganyu, eni minda amati ganyu watha, chonsecho anzake akulembedwa iye akuona. Kanthu kakasowa m'mudzi, ngakhale iye ali ku maliro mudzi wina, dzina loyamba kutchulidwa lidali lake.

Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adatigwetsera nyumba ndi kukokolola minda kuno ku Phalombe, monga mukukumbukira nonse. Pakati pa chisoni chimenecho mwana wanga adakazula malata anayi pa nyumba yakugwa ya banja limene lidathawira ku msasa. Kubera munthu amene madzi amubera kale! Tsamba likagwa manyazi agwira mtengo, ndipo ine ndidatha milungu itatu osapita kutchalitchi. Adakakhalanso kundende miyezi ina, ndipo ulendo umenewo adabwera akutsokomola. Kuchipatala adamupeza ndi chifuwa chachikulu, namwa mankhwala miyezi isanu ndi umodzi, ife tonse a m'nyumba n'kukayezedwanso.

Musaganize kuti kudzadza kwa ndende ndi nkhani yongomva kwa akaidi okha. M'chaka cha 2009 khoti lalikulu lidaweruza mlandu umene mkaidi wina dzina lake Gable Masangano adasumira boma m'malo mwa akaidi onse, ndipo oweruza adanena poyera kuti kuthithikana kwa m'ndende zathu ndi nkhanza zosayenera munthu. Adapatsa boma miyezi 18 kuti lichepetse chiwerengerocho ndi theka. Zaka zapita zambiri chigamulireni, koma m'ndende zathu mukadali anthu ochuluka kuposa amene nyumbazo zidamangidwira. Ndipo pakati pa anthu othithikanawo pali ambiri onga mwana wanga, a nkhuku, a chinangwa, a ndewu ya pamowa, ndi ena amene adangolephera kulipira chindapusa.

Tsono ndifike pa mlandu wachinayi, umene ndiwo wandichititsa kulemba. M'chaka cha 2024 adaba nkhuku zitatu, ndipo mwini wake adali msungichuma wa gulu lathu la amayi, mayi wamasiye amene amalera zidzukulu zinayi ndi mazira a nkhuku zomwezo. Mayi ameneyu ndi amene adandiwerengera m'manja ngongole ija yokaonera mwana yemweyo kundende. Adabwera pakhomo panga m'mamawa, osakhala ngakhale pamkeka.

"Achemwali," adatero, "ine ndakhala ndikukulemekezani, koma mwana wanuyu wandivula. Ulendo uno akakhale komweko."

Ine ndidayankha kuti, "Mayi, musandipepese. Mutengeni. Ine ndatopa naye."

Ndidanena kuchokera pansi pa mtima, ndipo sindikufuna kudzionetsa wachifundo pamaso panu. Ndidafuna kuti achoke ndipumeko.

Amene adatitembenuza maganizo ndi bambo wina wa alangizi a zamalamulo aja amene amayendera anthu m'zitokosi za apolisi ndi m'ndende. Ntchito ya alangizi amenewa idayamba m'dziko muno m'chaka cha 2000, ndipo bungwe lawo limadziwika ndi dzina lakuti PASI. Si maloya, koma amafotokozera munthu wamba mmene lamulo liyendera, kwaulere. Bamboyu adatifunsa funso limodzi tonse awiri, ine ndi mwini nkhuku: kodi mnyamatayu wapita kundende kawiri, ndipo ulendo uliwonse wabwera wotani? Kenaka adafunsa mayi uja ngati kumangidwa kwa mnyamatayo kudzabweza nkhuku zake. Mayiyo adakhala chete nthawi yaitali, kenaka adati, "Ine chimene ndikufuna ndi nkhuku zanga, ndiponso kuti ndizigona tulo."

Pamenepo ndi pamene tidamva bwino za chilango chogwira ntchito yothandiza anthu a m'dera, chimene akukhoti amachitcha komyuniti sevisi. Chilangochi chidayamba kugwira ntchito m'Malawi m'chaka cha 2000, potengera anzathu a ku Zimbabwe amene adachiyamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 ndende zawo zitadzadza. Chimaperekedwa pa milandu ing'onoing'ono, imene munthu akadakakhala kundende nthawi yosapitirira chaka chimodzi. M'malo motsekeredwa, wolakwayo amagona kwawo, koma amakagwira ntchito yopanda malipiro pa sukulu, pa chipatala, pa khoti kapena pamalo ena a anthu onse, kufikira atakwaniritsa maola amene woweruza walamula. Akathawa kapena kuchita ulesi amabwezedwa kukhoti, ndipo ndende imamudikira.

Vuto lidali lakuti oweruza amakonda kupereka mwayi umenewu kwa opalamula koyamba. Wa kabwerebwere amaoneka ngati adataya kale mwayi wake, ndipo sindiwadzudzula oweruzawo, pakuti nanenso ndidaganiza chimodzimodzi. Koma taonani mmene zilili: munthu amene ndende yamulephera kawiri ndiye amene timamubwezera kundende komweko kachitatu. Mwana akadwala malungo, mankhwala ena n'kukanika kawiri, kodi kuchipatala amamupatsanso omwewo?

Tidapita kukhoti anthu asanu: ine, amalume ake, nduna ya amfumu, mlembi wa gulu lathu, ndi mwini nkhuku. Mnyamatayo adavomera mlandu. Mkulu woona za chilango cha ntchito adali atafufuza kale ngati ali ndi pokhala podziwika, ngati mudzi ungamulandire, ndiponso ngati pali malo oti akagwire ntchito. Chimene chidadabwitsa onse ndi pamene mayi wodandaula adaimirira n'kunena kuti iye sakufuna kuti mnyamatayo akatsekeredwe, koma kuti amubwezere nkhuku zake ndipo azimuona ndi maso akukhetsa thukuta. Woweruza adamuyang'ana mnyamatayo nthawi yaitali, namufunsa ngati akuvomera kugwira ntchito. Atavomera, adamulamula maola 240 pa sukulu ya pulayimale ya kufupi ndi kwathu, ndi kubweza nkhuku zitatu, namuchenjeza kuti akadzaonekeranso pamaso pake asadzayembekezere chisoni.

Pa sukulupo zimbudzi zidagwa ndi namondwe uja, ndipo ana amathandizidwa kutchire. Ntchito yake idali kukumba maenje, kututa mchenga ku mtsinje ndi kukandira simenti mmisiri womanga. Amayamba m'mawa, aphunzitsi aakulu n'kulemba m'kaundula nthawi imene wafika ndi imene waweruka. Masana amapita ku munda wake, ndipo Loweruka amagwira ganyu wopezera nkhuku za eni ake. Ganyu woyamba adamulemba ndi amayi a gulu lathu, mosinthana, popeza kwina konse amamukana.

Musamve ngati zidayenda myaa. Sabata yoyamba m'mudzi mudali mphekesera yakuti ndapereka chiphuphu kukhoti. Ena amati, "Wakuba uja wamasulidwa, tsono tizigona ndi nkhuku kuchipinda." Anyamata ena adalankhula zoti akadzamugwiranso sadzavutikanso ndi apolisi, adzathana naye okha, ndipo inu mukudziwa chimene mawu amenewo atanthauza masiku ano pamene anthu akuotcha anzawo chifukwa cha njinga. Amfumu adachita kuitanitsa msonkhano n'kufotokoza kuti munthuyu sadamasulidwe, ali pa chilango, ndipo aliyense wokayika apite pa sukulu akaone. Ambiri adapitadi. Ndikhulupirira kuti kwa mwana wanga chilango chachikulu chidali chimenecho. Kundende adali pakati pa anzake ochita zomwezo, ndipo palibe amene amamuchititsa manyazi. Pano amakumba dzenje ana a Sitandade 2 akumuloza, ena mwa iwo zidzukulu za mayi amene adamubera.

Agogo ena aamuna a m'mudzi mwathu adandiimitsa panjira n'kundifunsa kuti, "Mwana wanga, kugwira ntchito yopanda malipiro, kodi si thangata ameneyu wabweranso?" Funso limeneli silopepuka kuno kwathu. Makolo athu Achilhomwe atawoloka kuchokera ku Mozambique, ambiri adakhala pa minda ya azungu ku Mulanje, Thyolo ndi Chiradzulu, kumene amagwira thangata kuti aloledwe kukhala pamalopo, ndipo nkhanza za thangata ndi zina mwa zimene zidautsa John Chilembwe m'chaka cha 1915. Ndidawayankha agogowo kuti thangata amagwira munthu wosalakwa, phindu n'kupita kwa mwini esiteti, ndipo sikudali kutha. Uyu walakwa, maola ake ndi owerengeka, ndipo chimbudzi akukumbacho adzalowamo ndi ana a mlongo wake. Agogowo adagwedeza mutu, koma sindikudziwa ngati adakhutira. Chenjezo lawo ndidalisunga, chifukwa ndamva kuti kwina anthu a chilango chotere amatumidwa kukalima m'munda wa mwini wa amene akuwayang'anira. Zikafika pamenepo ndiye kuti agogo aja adanena zoona, ndipo ife amayi a m'makomiti a sukulu ndi a zipatala tiyenera kukana.

M'sabata yachinayi mnyamatayo adajomba masiku awiri. Adalandira ndalama ya ganyu n'kukaimwera. Aphunzitsi aakulu adatumiza mwana kudzandiuza kuti likafika tsiku lachitatu alembera kukhoti. Usiku umenewo tidapita amayi anayi kumene amamwerako, msungichuma wathu ali patsogolo. Sadakalipe. Adangoima pakhomo n'kunena kuti, "Iwe, ine ndidaimirira pamaso pa woweruza chifukwa cha iwe. Ukufuna anthu andiseke?" Mnyamatayo adatuluka ali wera, ndipo m'mawa mwake adalawirira ku sukulu, nabweza maola a masiku awiriwo. Kuyambira pamenepo ndalama ya ganyu simafikanso m'manja mwake yonse. Tidapangana naye kuti gawo lina lizipita kwa msungichuma mpaka nkhuku zitakwana. Mmisiri womanga uja ataona kuti mnyamatayo ali ndi mphamvu ndipo samachedwa kumva, adayamba kumutenga pa ntchito zake zina zolipidwa chilango chitatha.

Ndaona kuti chimene chidagwira ntchito si khasu kapena fosholo yokha ayi. Chilango choyamba chija chidalinso chakunja kwa ndende, koma chidalephera chifukwa tidamusiya yekha. Ulendo uno padali kaundula wa aphunzitsi, diso la amfumu, mwini nkhuku wowerengera, ndi amayi khumi ndi asanu odziwa pamene iye ali. Boma lilibe antchito okwanira kuti azilondola munthu aliyense wotere m'midzi yathu. Akakhalapo mmodzi pa boma, alibe ngakhale mafuta a njinga yamoto. Ntchito yolondolayo ikapanda kugwiridwa ndi ife, palibe adzaigwira, ndipo oweruza adzapitiriza kuona kuti ndende ndiyo njira yokhayo yodalirika.

Njira zina zilipo, ndipo ndi bwino muzidziwe tsoka lisanakugwereni. Milandu yambiri ya pakati pa anansi, monga kutukwanizana pa mjigo, ngongole, kapena ziweto kudya mmera, ingathe kuthera kwa amfumu kapena kwa ankhoswa a m'mudzi ophunzitsidwa kuyanjanitsa anthu, wolakwa n'kupereka chipepeso, osafika kupolisi. Khoti lingathe kulamula wolakwa kubweza katundu kapena kulipira mwini wake. Lingathenso kulamula chindapusa, koma chimenechi ine ndimachiopa, chifukwa kwa wolemera ndi chilango chopepuka, pamene wosauka akalephera kulipira amakalowa kundende komweko, kapena amake ndiwo amagulitsa mbuzi. Nkhuyu zodya mwana zidapota wamkulu. Kwa ana, lamulo losamalira ndi kuteteza ana la chaka cha 2010 limalola kuti mwana wopalamula mlandu waung'ono apatutsidwe, alangizidwe ndi kuyang'aniridwa kwawo m'malo moyenda njira ya akuluakulu. Mwana wanu akagwidwa, nenani msinkhu wake msanga ndipo mutenge umboni wake.

Palinso ena amene amatchedwa akabwerebwere chonsecho sadabe kanthu. Kale apolisi akachita chisokole amatola aliyense wopezeka panja usiku pa mlandu wa vakabu, ndipo amene amagwidwa kawirikawiri adali osauka omwewo. M'chaka cha 2015 bambo wina wogulitsa majumbo, Mayeso Gwanda, adagwidwa mu mzinda wa Blantyre m'bandakucha akupita ku msika wa Limbe kukagulitsa malonda ake. Iye sadangovomera kuti zithe. Nkhani idafika ku khoti lalikulu, ndipo mu Januwale 2017 oweruza adagamula kuti gawo la lamulo limene adamugwirira likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko lino. Amayi amene mumalawirira usiku kupita ku msika ndi dengu pamutu, nkhani imeneyi ndi yanu.

Ngakhale maiko olemera afika pa maganizo omwewa. Pa maphunziro ena a atsogoleri a magulu tidauzidwa za dziko la Scotland, kumene kuyambira m'chaka cha 2011 oweruza amayenera kupewa kutumiza munthu kundende kwa miyezi itatu kapena yocheperapo pokhapokha palibe njira ina, ndipo m'chaka cha 2019 adakweza malirewo kufika miyezi 12. Iwowo ali ndi ndende za mabedi ndi chakudya katatu pa tsiku, komabe adaona kuti kulowa ndi kutuluka kwa kanthawi kochepa sikuwongola munthu. Nanga ife a nsima kamodzi pa tsiku?

Pano ndiyenera kunena mosapsatira, kuti wina asandimve molakwa. Sindikupempherera munthu wogwiririra mwana, wothyola nyumba ndi chikwanje, wosaka abale athu achialubino, kapena mwamuna amene amamenya mkazi wake mpaka kumugoneka m'chipatala. Amenewo malo awo ndi kundende, ndipo mayi asakakamizidwe ndi ankhoswa kapena amfumu kuti akathetse mlandu wotere m'mudzi pofuna kusunga banja. Ndaona amayi akubwezedwa kwa amuna owavulaza m'dzina la kukhululukirana, ndipo zimenezo si zimene ndikunena. Dziwaninso kuti kuba mbuzi, nkhumba kapena ng'ombe lamulo silikuyesa mlandu waung'ono, chilango chake chingafike zaka 14. Ndiponso ndikuvomera kuti alipo akabwerebwere ena amene mungawapatse mwayi kasanu, kasanu konse n'kukuchititsani manyazi. Woberedwa ali ndi ufulu wokana, ndipo msungichuma wathu akadakana, sindikadamuimba mlandu.

Gulu lathu lidapangana zinthu zochepa zimene tikuchita tsopano. Munthu wa m'mudzi mwathu akagwidwa pa mlandu waung'ono, amayi awiri amapita kwa woberedwa poyamba, osati kwa wakubayo, kukamva chimene mtima wake ukufuna. Ngati iye alola, timaperekeza abale kukhoti ndi kukanena kuti tili okonzeka kuyang'anira. Tidapemphanso komiti ya sukulu kuti izikhala ndi ntchito zodziwika zoti munthu wotere angagwire, kuti akukhoti akafunsa asamve zakuti malo palibe. Kufikira lero tayesa ndi anthu atatu. Mmodzi ndi mwana wangayu. Wachiwiri ndi mayi wina wa ndewu, amene adasesa pa chipatala chaching'ono mwana ali kumbuyo m'malo mokalowa naye kundende. Wachitatu adathawira ku Mozambique sabata yachiwiri, ndipo sitidamuonenso.

Mwana wanga watha tsopano chaka ndi miyezi osagwidwa ndi kanthu ka mwini. Mowa sadasiyiretu. Khola langa la nkhuku ndimatsekabe ndi loko, ndipo kiyi amagona pansi pa pilo wanga. Dzina lija la Kabwerebwere ena akumutchulabe, ngakhale ana a sukulu adayamba kumuitana kuti amisiri. Nkhuku yachitatu adabweza idali msoti, ndipo msungichuma adadandaula kuti yake idali yoikira kale, motero adaonjezapo mazira asanu ndi limodzi, nkhani n'kutha.

Mwezi wathawu mayi yemweyo adamutuma kuti akamugulitsire ndowa ziwiri za nandolo ku msika, popeza iye miyendo ikumuvuta. Ine nditamva mtima udandigunda tsiku lonse, ndipo sindidathe kudya. Dzuwa litapendeka mnyamatayo adafika, napereka ndalama pamodzi ndi kapepala kamene wogula adalembapo makilogalamu. Mayiyo adawerenga ndalamazo kawiri, iye ataima pomwepo, kenaka adamupatsa ya sopo n'kumuuza kuti Lachinayi abwerenso, kudakali ndowa ina.